Kambale ka Nsama

Lachitatu, 5 Malichi
Mvula yakata m'mawa. Matope mpaka pachipata cha tchalitchi. Amayi khumi ndi atatu, mbaula ziwiri. Phunziro langa la zophika lero: chibwabwa chotendera, chopanda soda. Ba Sophia kukaniratu: "Popanda soda masamba yazakhala monga nsapato!" Koma mbale anaseteka ndi chala.
Kwabwera watsopano, Nsama, mkazi wa ba Chewe, kondakitala wa mabasi a ku Mandevu. Mimba ya miyezi isanu ndi umodzi. Milomo mbuu. Ku kiliniki anamuuza kuti magazi ndi ochepa. Chaka chatha anapita padera. Amaseka atabisa pakamwa. Ndamukonda mwana uyu.
Pobwerera ndimaona m'maganizo komboni yathu yonse ya Chaisa itabiriwira. Bondwe m'matumba pakhonde lililonse, maungu kuyanga pamalata. Mutu wangawu, kaya!

Lachitatu, 12 Malichi
Nkhuku zanga zandichotsa manyazi. Mazira owiritsa, aliyense lake. Phala lothira nsinjiro ndi kapenta wosinja. Ndayankhula mpaka mawu kusasa: mayi woyembekezera adye masamba, dzira, nyemba, osati msuzi wokhawokha.
Mbale ya Nsama kuyera msanga kuposa za onse. Ndamuwonjezera. Mtima wanga myaa.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndinawodzera pamkeka masana. Ndalota Nsama atanenepa, masaya phwii, kumsana kamwana kakusewera ndi duwa la dzungu. Madzi a mu ngalande oyera, mpaka kuona pansi. Kudzidzimuka, nkhuku zili m'bondwe wanga. Zamudya theka.

Lachitatu, 19 Malichi
Ndaona ndi maso angawa. Kambale kapulasitiki pansi pa chitenje. Dzira, kapenta, nyemba, zonse kulowa mmenemo. Iye kungonyambita supuni.
Ndinamukokera kuseri. Yankho lake: "Bamuna ndiye bayamba kudya, mayi. Ndiye vamene ananiphunzitsa alangizi."
Ha! Masabata onsewa ndakhala ndikunenepetsa kondakitala! Ndinapsa mtima.
Kunyumba ndinapakulira bambo akwathu, ba Goliati, nsomba yonse yapakati. Ine mutu ndi zokanda mumphika, nditaimirira. Supuni ili m'kamwa, ndinadzigwira ndekha. Mphunzitsi wake ameneyo. Amayi anga ankatero, amayi awo ku Ntcheu ankateronso. Manyazi.

Lachitatu, 26 Malichi
Ndalengeza lamulo: chophikidwa pano chidyedwa pano, titakhala pansi. Tumbale ayi. Ndinanena mokweza, pamaso pa onse, ndipo maso anga anapita kwa iye. Sindikanayenera kutero. Nsama anaimirira mwakachetechete, kukonza chitenje, kutuluka. Dzira lake kuzizira pambale.

Loweruka, 29 Malichi
Ba Sophia pakhomo, wefuwefu. Nsama wagwa pampopi, ndowa ili pamutu. Chizungulire. Anamutengera ku kiliniki. Mwana akugundabe, atero. Akugundabe.
Tsiku lonse dzanja silinagwire ntchito. Ndikatseka maso, maungu aja pamalata afota. Mulungu, asapitenso padera chifukwa cha pakamwa pangapa.

Lachitatu, 2 Epulo
Wabwera! Pang'onopang'ono, atagwira dzanja la mwamuna. Ba Chewe amene, wamtali, mawu osasa ndi kuitanira anthu. Basi yawo aisiya lero. M'manja kambale kaja, kotsukidwa bwino. 
Ndinali nditawakonzera mawu ambiri. Iwo ndi amene anayamba, maso pansi: "Ninali kuganiza kuti ni votsala. Masiku onse anali kukamba ati nadya kale."
Anakhala pa njerwa pakati pa azimayi, mawondo mpaka kuchibwano. Kusenda dzira ndi zala zikuluzikuluzo, theka kutsalira ku chikhokho. Ba Sophia: "Mwalivulaza, bambo!" Kuseka konse.
Anamupatsa. Nsama kulandira ndi manja awiri, kungoligwira. Kulephera. Pamaso pa mwamuna wake, mwamunayo asanadye, chakudya sichimatsika.
Ba Chewe anamvetsa. Anatuluka, kukaima panja pa dzuwa atatifulatira. Pamenepo Nsama anatembenukira kukhoma n'kuyamba kudya. Pang'onopang'ono. Dzira lonse, phala lonse. Ine ndimapemerera mbaula yoyaka kale, kunamizira utsi.
Kambale akasiya kwa ine. Ndidzalamo mbewu ya bondwe.

Lachinayi, 3 Epulo
Dzuwa lofewa, mphepo ya kumapeto kwa mvula. Nkhuku zaikira mazira awiri okha. Ndawiritsa onse. Kale onse akanapita pambale imodzi, osaganiza n'komwe.
Limodzi kwa ba Goliati. Linalo lili pano, pambale yanga. Ndakhala pansi, pampando, osati pafupi ndi mphika. Akundiyang'ana ngati mlendo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'banja.
Dzira ndalitenga m'manja. Likadali lotentha. Ndayamba kusenda