Pomwe Amaima Timóteo

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira kwa ku Joni. Chisanu mbuu pagalasi la baki, galimoto yapantchito ya bwana Absalom. Lero bulugama wamkulu ku Zinniaville, kuseri kwa shopu ya matayala. Ine m'mwamba ndi sowo ya injini, Timóteo pansi ndi chingwe. Zaka zinayi tili chomwechi. Ndimanga nthambi, ndidula, iye atsitsa pang'onopang'ono. Mfundo itati imasuke, nthambi ingagwere pomwe amaima iyeyo, mapazi atatu kuchoka patsinde. Sanayang'anepo mfundo zanga. Amati, "Mano, zakumwamba n'zanu, zapansi n'zanga." Mano ndiye kuti achimwene m'chinenero cha kwawo.

Potsika, zala zitatu zakumanja zoyera ngati makandulo. Ndazitsina. Palibe chomwe ndamva. Dzanzi latha titafika kunyumba ku Boitekong.

Lachinayi, 12 Juni

Zala zomwezo. Botolo la tiyi landikanika kutsegula. Wanditsegulira Timóteo, uku akukamba za mpira.

Mkazi wanga Christobel waimba kuchokera ku Dedza. Mbatata akumba, mwana wathu Sandra wayamba kuwerenga yekha. Ndati zili bwino. Ndinadikira kuti mtima uchite kanthu. Zii.

Lamulungu, 15 Juni

A Elisha a chipinda choyandikana nane. Tchona weniweni, anabwera kuno ine ndisanabadwe, zaka makumi awiri akuboola mwala mumgodi. Lamulungu lililonse amandiitana ndiwamangire mabatani a malaya akutchalitchi, zala zawo zinafa kalekale. Lero batani lapakhosi landikanika nanenso. Amuna awiri a ndevu kulimbana ndi batani limodzi.

Agwira dzanja langa, alitembenuza, ayamba ndi chinenero cha kumgodi. "Lo mshini, mwanawe. Makina amayamba kudya zala. Mgodi kaya mtengo, n'chimodzimodzi." Ati ndikawauze abwana. Ndikanene kuti chiyani? Kuti wokwera mitengo wanu alibe manja? Pageti pawo m'mawa uliwonse pamaima anthu ofuna malo anga. Ndati ndi chisanu chabe. Aseka. Apita kutchalitchi khosi lili pamtunda.

Lachitatu, 18 Juni

Jakaranda wodwala, pakhomo pa mzungu wina. Magulovesi awiri dzanja limodzi. Mfundo tsopano ndikumanga ndi maso. Kale zala zinkadziwa zokha ngati yagwira kapena ayi.

Kasowo kamanja kandipulumuka. Sindinamve kakuchoka, ndangokaona kakutsika. Kazikika pakapinga pafupi ndi nsapato ya Timóteo. Ndakuwa kuti kachingwe kake kanali kotha. Bodza. Iye watola, wapukuta, wamangirira, ine ndakoka.

Pankhomaliro wandionetsa chithunzi cha mwana wake pafoni. Miyezi iwiri. Ndayang'ana. Mwana ngati mwana aliyense.

Loweruka, 21 Juni

Kiliniki. Mzere mpaka pamsewu. Nesi wayamba Chitswana, waona nkhope yanga, wasintha Chingerezi. Wati nditsinzine, ndinene ndikamva kawaya kakundikhudza kuzala. Ndatsinzina, ndadikira. Pomwe amati nditsegule maso n'kuti atamaliza kale.

Wati makina ndiwasiye. Wandilembera kalata yoti ndipatse abwana. Ndaipinda kanayi, ili m'thumba la ovolosi.

Lachiwiri, 24 Juni

Timóteo wasintha poima. Wazunguliza chingwe pamtengo wina, iye n'kukaima uko kumpanda. Abwana amukalipira, "Ukuopa masamba?" Wati dzuwa likumuthobwa m'maso. Dzuwa linali kumbuyo kwake.

Ndakwiya. Koyamba mwezi uno kumva kanthu, ndiye mkwiyo. Zaka zinayi osamukanda ngakhale ndi kamtsitsi ka nthambi, lero akundiyesa wophunzira? Pabaki sindinamulankhule. Wandipatsa chimanga chootcha, ndakana. Pofika kunyumba mkwiyonso unali utatha. Ndadya buledi chiimire.

Lachisanu, 27 Juni

Lero ku Moruleng. Mkuyu pakhomo pa mphunzitsi wina, nthambi yake imaopseza denga. Abwana anapita kukagula petulo. Nthambi yolemera ngati ng'ombe. Ndamanga, ndayang'ana kawiri, ndadula.

Mfundo yasololoka ngati ulusi. Pansi dii! Fumbi kobo. Litatha, nthambi ili gone, mutu wake utakumba dzenje mapazi atatu kuchoka patsinde. Penipeni pomwe ankaima paja. Timóteo kumpanda, chingwe chopanda kanthu m'manja.

Ndakhala m'mwamba kaya nthawi yaitali bwanji. Osanjenjemera, osapemphera. Kungoyang'ana dzenje. Nditatsika, zitsulo za malamba okwerera zandikanika kumasula. Wandimasula iyeyo, chimodzichimodzi, monga ndimachitira ndi malaya a a Elisha. Maso ake pa zitsulo, osati pa ine. "Epa, mano. Ndinaona tsiku la botolo lija. Ndimadikira munene nokha."

Abwana atabwera Timóteo wawauza kuti khungwa linasupuka, mtengo ngwowola. Wandinamira. Abwana agwedeza mutu, ati tsoka silinunkha, tipakire.

Pobwerera atiuza za Lolemba. Bulugama ku Zinniaville konkuja, pakati pa nyumba ndi khoma. Mpata wake wongokwana munthu mmodzi ndi wilibala. Wapansi palibe kumpanda koti akaime. Timóteo wamva. Sanatembenuke.

Lamulungu, 29 Juni

A Elisha avala juzi. Ati mabatani atopa nawo. Sindinafunse zambiri.

Masana Timóteo watulukira ndi mkazi wake Vânia, akuchokera kutchalitchi, akuti mwana adzaone amalume ake a ku Malawi. Vânia sakudziwa kanthu. Nkhope yowala, wakhala pabedi langa, wamasula mwana kumbuyo. Akuti bambo a mwanayo akamachedwa iye sada nkhawa, poti ali ndi a Jairos, kunena ine. Kenako wanditambasulira mwanayo. "Tamunyamuleni, mano."

Manja ndawabisa kumbuyo. Ndati ngakuda ndi mafuta. Lamulungu, nditasamba. Vânia waseka, akuti mwamuna wokwera mitengo kuopa khanda. Timóteo sanaseke. Wayang'ana ovolosi yanga pamsomali, kenako pansi.

Atapita ndakhala pakhomo. Manyazi. Osati dzanzi, manyazi enieni, otentha mpaka m'makutu. Mwana wolemera ngati paketi ya shuga ndamukana kuopa kumugwetsa. Bambo ake ndawaimika pansi pa nthambi masabata atatu.

Christobel waimba. Ndangoiyang'ana foni mpaka yasiya. Kenako ndamuimbira ndekha. Ndamuuza zonse. Akuti, "Ndiye mubwera?" Ndati sindikudziwa. Mwina abwana andisiya ndizikoka nthambi zodulidwa kale. Mwina andionetsa geti.

Lolemba, 30 Juni

Mbandakucha, chisanu. Zala zayera ndisanagwire n'komwe makina. Zinayi tsopano.

Malamba ndawaika m'jumbo, sindinawavale. Kalata ya nesi ija yakanirira m'thumba, ndachita kuikoka ndi mano. A Elisha atuluka ndi bulangete paphewa, ayang'ana, abwerera m'nyumba.

Timóteo wafika kale pamsewu, chipewa cholimba kumutu, chingwe paphewa. Munthuyu akadakaimadi pansi paja.

Baki yaliza hutala. Kalata ili m'dzanja lamanja. Sindikuimva, koma ndikuona kuti ndaigwira.