Galimoto ya Mwendo Umodzi

Lolemba, 3 Juni

Galimoto yafika. Alamu aibweretsa masana, aiimika pansi pa mtengo, makiyi n'kundiponyera. Yotuwa, yokalamba, chitseko chakumbuyo chotsegukira kunja kokha. Koma ndi otomatiki. Zopondera ziwiri basi, buleki ndi mafuta, zonse za mwendo wamanja. Ndicho ndinaipemphera.

Mayi akunyumba sanatuluke. Ine ndimawatcha Adalaivala, poti zaka 19 akhala akuyendetsa basi ya ana asukulu, osagundako ngakhale nkhuku. Lero angosuntha katani pang'ono, n'kubwezanso. Miyezi isanu ndi iwiri chiwadulire mwendo wamanzere, m'munsi mwa bondo. Shuga. Bala linapola kalekale. Koma pageti sadutsa, kupatula tsiku la kuchipatala, ndipo tsikulo amaweramira pansi njira yonse kuti maso asakumane ndi munthu. Ndikufuna mkazi wanga atuluke. Palibenso china.

Alamu pochoka akuti, "Ikamalowa giya yachiwiri imadzuma ngati yapunthwa. Inu ndinu makaniko, muona."

Makaniko wa malole, inde. Zaka 30 ndili pansi pa malole. Otomatiki sindinaitsegulepo. Sindinawauze zimenezo.

Lachitatu, 5 Juni

Ndaiyendetsako poweruka. Zoona, imadzuma. Ndasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi. Wakuda bii, fungo ngati mphika wopserera. Amayenera kukhala wofiira. Ndikukayika ngati anasinthidwapo chibadwire.

Kuntchito ndamuuza Chipewa, uja wa galaja yoyandikana ndi yathu, amene chipewa sachivula ngakhale ali pansi pa galimoto. Iye ma otomatiki ndi chakudya chake. Akuti abwera Loweruka adzandithandize. Ndakana. Oyilo ndi oyilo, kukhetsa n'kuthira, chovuta n'chiyani? Komanso ndikufuna ikhale ntchito ya manja anga. Mwendowo sindinathe kuukonza. Ichi chokha ndichikonze.

Madzulo, mwa masiku onse, ndawasambitsa phazi lotsalalo, kuyang'ana pakati pa zala monga anatiphunzitsira anesi, kulidzoza. Laling'ono, lozizira. Sanafunse za galimoto.

Loweruka, 8 Juni

Tsiku lonse pansi pake. Jeke, zochirikizira ziwiri, mwala kuseri kwa tayala. Giyabokosi iyi ilibe bawuti wokhetsera, umachita kumasula chibeseni chake chapansi. Ndamasula mbali imodzi pang'onopang'ono, oyilo n'kuyamba kutsika bwinobwino. Kenaka chigongono changa chomwe chagunda beseni lolandirira. Theka pansi, theka m'malaya. Ndiye kuti kuyeza kuti watuluka wochuluka bwanji kwalephereka.

M'chibesenimo muli kamaginito, kodzaza tizitsulo ngati ubweya wa mphaka. Ndatsuka ndi parafini mpaka kuwala. Sefa yatsopano, gasiketi yatsopano, mabawuti kumanga mopingasa, osalimbitsa kwambiri. Oyilo watsopano kudzera pa fanelo, wofiira ngati juwisi wa ana. Ndayeza injini ili yozima, monga ndimayezera oyilo masiku onse. Wafika pa mzere wapamwamba. Mtima mbee.

Ndili pansi pomwepo ndinamva ndodo zawo zoyendera, go, go, pakhonde. Atuluka! Ndinakhala chete ngati munthu woopa kuulutsa mbalame. Kenaka mawu: "Abambo, pansi pa galimotopo miyendo iwiri mukuchita nayo chiyani? Bwerekeni umodzi."

Nthabwala yoyamba chiyambire chaka. Ndinaseka mpaka oyilo kulowa m'kamwa. Zina zomwe zimatsika m'masayamu sizinali oyilo, koma poti nkhope inali pansi, palibe anaona.

Ndaiyesa pabwalo pompano, kutsogolo, kumbuyo. Yofewa. Kumsewu sindinapite nayo dala. Woyamba kuitulutsa pageti akhale iwo.

Lamlungu, 9 Juni

Makiyi ndawaika pafupi ndi kapu yawo ya tiyi. Amwa tiyi. Makiyi awasunthira kumbali ngati nyenyeswa za buledi.

Lachitatu, 12 Juni

Pobwera kuntchito ndawapeza m'galimoto. Injini yozima, ndodo atazitsamiritsa pachitseko, manja onse pachiwongolero. Mpando ausendeza, galasi alikonza. Ndinadutsa ngati sindinaone, n'kukayamba kuthirira maluwa omwe ndinathirira kale m'mawa.

Potuluka akuti, "M'menemu mukununkha alamu anu ndi fodya wawo. Mukolope." Ndakolopa mpaka ndi denga lomwe.

Lamlungu, 16 Juni

Sindikufuna kulemba, koma ndilemba.

Anavomera okha titadya masana. Anavala jekete ija ya kuntchito, yabuluu. Pageti anatuluka mwaulemu ngati mkwatibwi. Mseu wathu wonse, mpaka pa thanki ya madzi, bwinobwino. Anayamba ndi kung'ung'udza nyimbo. Ine kumbali mtima ukuvina.

Ndiye pa chitunda chija cha pamphambano. Tinaima kumbuyo kwa minibasi yomwe imatsitsa anthu. Minibasi yanyamuka. Iwo achotsa phazi pa buleki, aponda mafuta. Injini kulira, wuuu, galimoto osasuntha. Kenaka kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mahutala kumbuyoko. Ndinaona chitsa cha mwendo wawo chikudumpha pansi pa siketi, kufunafuna klatchi yomwe kulibe, ndi phazi lomwe kulibenso. Ndinakoka handibuleki.

Bambo wina pawindo la galimoto yake: "Amayi, ngati zakukanikani kakhaleni kunyumba!" Ndikanakhala ndi sipanala m'manja bwenzi pano ndili kupolisi.

Kusinthana mipando ndiko kunawawa koposa. Ndodo zinali kumbuyo, chitseko chija chovuta. Anazungulira galimoto akudumpha ndi mwendo umodzi, atagwira denga, anthu onse apamphambano maso tong'o.

Nditakhala ine pachiwongolero, inachitanso chimodzimodzi. Kulira kopanda kuyenda, kenaka n'kugwira mwadzidzidzi. Ndinazimva m'msana momwe. Iwo sanaone, nkhope inali m'manja. Ine pakamwa ndinatseka.

Kunyumba anandipatsa makiyi m'manja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake. "Mwayesetsa, abambo. Koma wa mwendo umodzi si dalaivala. Abwezereni alamu anu." Analankhula mofatsa, mondipepesa. Bola akanandikalipira.

Lachiwiri, 18 Juni

Katani yotseka. Jekete ayipinda, ayiika m'sutikesi ya pamwamba pa wadulopu, anachita kundipempha kuti ndiwatsitsire. Chakudya akungotola. Phazi anandipatsa kuti ndisambitse, koma nkhope kukhoma.

Ndikudziwa kuti vuto ndi galimoto. Ndikudziwanso amene anaigwira komaliza. Nanga ndinene kuti chiyani? Kuti makaniko wa zaka 30 walephera kusintha oyilo? Ndimatsegula pakamwa, mawu n'kubwerera. Ndine wamantha, ndalemba ndekha.

Ndayezanso kachitsulo kaja m'mawa ndisanapite. Pa mzere wapamwamba ndithu. Mutu wanga waima.

Lachinayi, 20 Juni

Ndameza malovu, ndapita kwa Chipewa. Anandimvetsera akupukuta manja. Funso limodzi lokha: "Poyeza, injini inali ikulira?" Ndinati ayi, ndani amayeza oyilo injini ikulira? Chipewa anavula chipewa. Koyamba kuona dazi lake.

Akuti otomatiki si lole. Injini ikazima, oyilo yense amatsikira pansi, kachitsulo n'kukunamiza kuti wadzaza. Ikalira, pampu imamukoka kupita naye m'njira zake zonse, pansi n'kutsala pang'ono. Pamalo osalala iyenda. Pachitunda oyilo wochepayo amathawira kumbuyo, pampu n'kumeza mpweya, galimoto n'kungolira. Kayezedwe kake: injini itenthe, ikhale ikulira, galimoto pamalo osapendekeka, munthu aponde buleki n'kudutsitsa ndodo ya giya pa malembo onse, kenaka kuibwezera pa P. Ndiye uyeze. Akuti mwina ndaperewera lita yathunthu, ndipo ndithokoze kuti sindinapite nayo patali.

Anamaliza ndi kuti safunsa anadya phula. Phulalo ndadyetsa mkazi wanga.

Ndagula malita awiri. Ndawabisa kuseri kwa chitseko cha kukhitchini ngati wakuba.

Lachisanu, 21 Juni

Ndawauza. Ndinasankha nthawi yosambitsa phazi, poti maso amakhala pansi. Zonse: beseni lotayika, kuyeza kolakwika, ndi kuti inandichitanso ine pachitunda pomwepo, ine n'kukhala chete.

Phazi analichotsa m'manja mwanga. Kenaka: "Masiku asanu. Masiku asanu ine ndikudzitukwana, inu mukudziwa." Sanakweze mawu. Anati kulakwitsa oyilo si kanthu, ngakhale dokotala amalakwitsa, koma kuwasiya akhulupirire kuti ndi iwo, chimenecho ndiye chawapweteka kuposa mpeni umene unadula mwendo uja.

Ndinapepesa ndili chogwada, poti ndinali chogwada kale. Sanati ndakukhululukirani. Anangoti madzi azizira, ndikathire ena otentha. Ndinathamanga.

Loweruka, 22 Juni

M'mawa ndathira theka la lita, ndaliza injini, ndaisiya itenthe. Kenaka ndakagogoda pachitseko cha kuchipinda ngati mlendo. Ndinati ntchitoyi ikufuna anthu awiri, wina pa buleki ndi pa giya, wina kutsogolo ndi kachitsulo. Bodza pang'ono, munthu mmodzi akhoza. Iwonso akudziwa kuti akhoza. Akuti, "Ndikungoponda buleki basi. Pageti sindituluka."

Akhala pampando. Ine kutsogolo, boneti yotsegula, sitikuonana. Ndikufuula malembo, iwo akusuntha ndodo ya giya. R. Galimoto kugwedezeka pang'ono. N. D. Kubwerera mpaka P. Ndasolola, ndapukuta, ndabwezera, ndasololanso. Kansonga kokha ndiko konyowa. Manyazi!

Kuthira pang'ono, kudikira, malembo onse kachiwiri, kuyeza. Chipewa anachenjeza kuti wochuluka ndi woipanso, amachita thovu. Ndiye pang'onopang'ono, kanayi konse. Ulendo wachitatu sanadikire kuti ndifuule, ndimangomva giya ikulowa yokha, dzanja lawo lija la kale, losathamanga. Ulendo wachinayi anafuula ndi iwo: "Yalowa msanga tsopano. Mwaimva?" Ndinaimva. Iwo anaimva poyamba, ali pampando, ine makaniko ndili ndi kachitsulo m'manja.

Ndinapita nako pawindo kuti aone okha. Wofiira, pakati pa mizere iwiri ya kotentha. Anakagwira, anakapendeketsa kudzuwa, ananunkhiza. "Lita ndi kota. Mukanandipha ndi ludzu la galimoto."

Injini sanazimitse msanga. Ndinayamba kutolera zitsulo mochedwa dala. Koma geti sanalitchule, inenso sindinalitchule. Masana adya mbale yonse.

Lamlungu, 23 Juni

Ndinati ndikaiyese ndekha pachitunda paja kuti titsimikize. Akuti ayi, isagwiridwe. Makiyi ali m'thumba la siketi yawo. Mawa tsiku la kuchipatala. Ndinafunsa ngati ndiitane takisi ija ya masiku onse. Anangopitiriza kusita.

Lolemba, 24 Juni

Ndadzuka ndapeza avala kale, ndodo aziika okha pampando wakutsogolo, pomwe ndimati ndikhale ine. "Inu pitani kuntchito, malole akudikira. Nditsegulireni geti basi." Ndinati nanga zikachitikanso? Akuti zikachitikanso adziwa kuti ndi makaniko.

Ndatsegula. Atuluka. Osatembenuka n'komwe.

Kuntchito sindinapite. Ndinadulira njira ya kuseri kwa sukulu, kuthamanga ndi mimba yangayi, mpaka pamphambano. Ndinabisala kuseri kwa chikwangwani cha malo otchajira mafoni. Ndi iyo, yotuwa, ikubwera mosapupuluma. Ndipo ngati dala, lole ya mchenga patsogolo pawo, yaima pakati penipeni pa chitunda. Aima. Kumbuyo kwawo galimoto zitatu.

Lole yanyamuka ndi utsi wake. Magetsi a buleki azima. Sinabwerere m'mbuyo ngakhale kachala. Yakwera, yalowa giya yachiwiri osadzuma, yapita.

Mayi wotchaja mafoni anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinati ayi, ndi utsi wa lole.

Patatha mphindi makumi awiri, foni. Afika, aimika okha, mlonda wa pachipatala wawalozera malo apafupi ndi khomo. Shuga ali bwino. Kenaka: "Chikwangwanicho n'chaching'ono, abambo, mimba inali panja. Musachoke pamenepo. Pobwerera ndikutengani."

Ndiye ndili pano, pamwala, kope pabondo, ovolosi yoyera yopanda ntchito. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuwanyamula, kuwakweza, kuwatsitsa. Lero manjawa ndikusowa powaika. Ndikusangalala, ndipo ndikuopa pang'ono, sindikudziwa kuti ndikuopa chiyani.

Ndi iyo ikutsika. Indiketa yayaka. Akuimba hutala ngati ndine mwana wasukulu wochedwa, ndiyenera kuthamanga.