Khutu Lamanzere

Lolemba, 9 Sepitembala 1996

Malaga, kupita ndi kubwera. Miyendo ngati si yanga. Chimfine chayamba, kukhosi ngati ndameza gaga.

Mwezi wachisanu ndikugwira ntchito yotumikira anthu m'ndege za kampani yotchipayi. Kontirakiti yanga ndi ya nyengo ya tchuthi yokha, itha kumapeto kwa Okutobala. Ya nyengo yozizira adzapatsa ochepa. A Rogers, amene amakonza ndandanda wa ntchito, anatiuza poyera kuti adzayamba ndi amene sanajombepo. Ine sindinajombepo. Ndikaipeza, ndakhazikika. Ndikaiphonya, ndibwerera kukapukuta zimbudzi za m'maofesi. Sindikufuna. Sindikufunanso ndithu.

Sibeso, mnzanga wa ku Lusaka amene timagwirira limodzi kumbuyo kwa ndege, anandimva ndikuyetsemula. Akuti, "Iwe Etta, usakwele ndeke na chimfine, uzaononga makutu." Ndinamuseka. Kwathu ku Zomba chimfine si matenda. Matenda ndi malungo. Abambo anaphunzitsa sukulu mpaka kupuma ntchito osajombapo chifukwa cha mamina.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Faro. Sitima ya m'mawa ku East Croydon inachedwa, ndinafika ku bwalo la ndege la Gatwick ndili wefuwefu.

Ndege ikatera, theka la ola inyamukenso. Ikaima pansi imadya ndalama, akutero mabwana. Oyeretsa kulibe, oyeretsa ndife. Matewera m'matumba a mipando, chingamu, masanzi. Kenako kupaka milomo, kumwetulira, kulandira ena. Tiyi wogulitsa, sangweji yogulitsa, ngakhale madzi. Mipando yothinana ngati ya minibasi ya ku Limbe, kungosiyana kuti palibe wanyamula nkhuku.

Mdala wina anandigwira dzanja. Akuti tikiti yake yatchipa kuposa ya sitima yopita ku Manchester, ndiye ndegeyi ndi yabwinobwino? Ndinamuyankha zoloweza. Koma sindinaname. Ndege zathu ndi zakale, inde, zinayamba zagwira kwina. Koma amakaniko sachita masewera. Mwezi watha anatiyanika padzuwa theka la tsiku chifukwa cha kanyale kamodzi kamene kanayaka kwa kaputeni. Oyendera a boma amangotulukira osalonjera. Pa injini kampani singabepo, angaitseke. Ndiye imabera pa ife.

Potsika, khutu lamanzere linatsekeka. Kumeza malovu, kuyasamula, kutsina mphuno, osatheka. Sibeso ananyowetsa kansalu ndi madzi otentha, n'kukaika m'kapu ya pepala, n'kundivundikira pakhutu. Linatseguka pang'ono.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Kwaya. Malo okhawo mu London muno amene ndimaiwala lendi. A Bonaventure, otiphunzitsa nyimbo, anandiyang'ana kawiri. Akuti alto yanga lero ikuyenda yokhayokha ngati mbuzi yosochera. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Mawu anga ndikuwamva ngati ndikuyimbira mu ndowa.

A Mable, eni nyumba imene ndikukhala, anatenthetsa mafuta ophikira pa supuni n'kundidonthezera m'khutu. Akuti ana awo onse anawalera choncho. Anati, "Mupite kwa GP, mwanangu." Kupita kwa dokotala ndiye kupatsidwa kalata yopuma. Kalata yopuma ndiye kujomba. Ayi.

Ndinagula khadi ya foni, ndinalankhula ndi amayi. Funso lawo ndi lomwe lija la sabata iliyonse: ndege zotchipazo sizigwa? Sizigwa, amayi.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Tenerife. Ulendo wautali, anyamata oledzera mizere itatu.

Pobwerera, titayamba kutsika, khutu ngati wina akukhomamo msomali. Ndinagwira kangolo ka zakudya ndi manja awiri kuti ndisagwe. Misozi yokha, koma pakamwa pakumwetulirabe, poti mayi wina amafuna chenji chake. Kenako phu! Ululu wonse zii. Ndinathokoza Mulungu, chitsiru ine.

M'chimbudzi ndinaona magazi pakolala. Ochepa. Ndinakokera mpango wa yunifomu pamwamba, tsitsi ndinaligwetsera mbali imeneyo. Palibe anaona.

M'mutu muli phokoso ngati wailesi yosowa siteshoni.

Loweruka, 21 Sepitembala



Corfu. Ndinali kumbuyo ndekha, ndikuwerenga masangweji otsala. Chimbudzi chili kumanzere kwanga, pafupi moti ndikhoza kuchikhudza. Ndinangoona Sibeso akuthamanga kuchokera pakati pa ndege, nkhope itasintha. Anandikankha, anatenga chozimitsira moto, anatsegula chitseko. Utsi. Munthu wina anasutira m'chimbudzi n'kuponya ndudu mu bini ya mapepala.

Kabelu ka utsi kanali kakulira. Sibeso anakamva ali pakati pa ndege. Mzere womaliza wonse unakamva. Ine, amene anandiika pamenepo kuti ndizimva zoterezi, ndimawerenga masangweji.

Moto unali waung'ono, unazima msanga. Kaputeni anatiyamikira tonse awiri. Sibeso anangoyang'ana pansi. Mu sitima yobwerera anakhala mbali yakumanzere kwanga dala, analankhula, ndinangoona milomo. Kenako anasamukira kumanja. Anati, "Ukambe weka, Etta. Ngati siukamba, nizakamba ine."

Lachiwiri, 24 Sepitembala

Ndamukwiyira Sibeso. Kwa iye n'kosavuta kulankhula, anajomba kale masiku angapo mwana wake atadwala, akudziwa kuti pa ndandanda wa nyengo yozizira sakhalapo. Alibe chotaya. Ine ndatsala ndi milungu yochepa. Ndingopirira, ndisaine, kenako ndidwale bwinobwino.

Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Mnansi wotani wofuna kundichotsa chakudya pakamwa?

Dzulo Malaga. Ndinapempha kugwira kutsogolo, anakana. Tsiku lonse mutu wopendekeka ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, kuti khutu lakumanja ligwire zonse. Anthu ndikuwawerenga milomo. Wina anapempha khofi, ndinamupatsa kola.

Pilo m'mawa uno inali ndi mafinya.

Lachisanu, 27 Sepitembala

Sibeso sananene kanthu kwa a Rogers. Kwa inenso sakulankhula. Akungoyendayenda kumbuyo kuposa kale, akugwira ntchito yake ndi yanga yomvetsera. Zikundipweteka kuposa akanandinenera.

Palma. Mzere womaliza munali mtsikana ndi khanda, ulendo wake woyamba. Ndinamuonetsa lamba wa mwana, ndinamuonetsa chitseko changa. Pophunzira anatiuza kuti tiyi ndi chongotayitsa nthawi, ntchito yathu yeniyeni ndi chitseko. Zikavuta, kaputeni aliza belu, iwe utsegule, anthu onse atuluke utsi usanawagwire. Mtsikanayo anati, "Chikachitika chinachake mutiuza, eti?" Ndinati inde.

Belulo lili pamwamba pa mpando wanga. Mbali yakumanzere.

Sindinadye.

Lachinayi, 3 Okutobala

A Mable anandiperekeza okha kwa dokotala, ngati mwana. Dokotalayo anayang'ana m'khutu nthawi yaitali. Kachikopa ka m'kati kanabooka, ndipo palowa matenda. Anafunsa kuti ndakwera ndege kangati chibookereni. Nditamuuza anavula magalasi. Anafunsanso ngati ndinathiramo kanthu. A Mable anayang'ana kukhoma. Ndinati ayi.

Osakweranso ndege mpaka chaka chamawa, mwina. Kumva kungabwerere pang'ono, kapena ayi. Akanandiona sabata yoyamba ija, akuti, akanangondipatsa mankhwala a m'mphuno ndi masiku ochepa opuma.

Masiku ochepa.

Tikufika kunyumba, foni. A Rogers, mawu osangalala. Ndili pa ndandanda wa nyengo yozizira. Akuti ndine chitsanzo kwa atsikana onse, chilimwe chonse osajomba. Ndibwere Lolemba kudzasaina. Ndinati zikomo. Ndinakhala pa masitepe mpaka a Mable anandidzutsa.

Lamulungu, 6 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Yunifomu ndaisita, ili pachitseko.

Kalata ya dokotala palibe waiona. Nditha kusaina. Thonje m'khutu, tsitsi pamwamba, ndani angadziwe? Ndege sizigwa. Moto wa m'chimbudzi suyaka tsiku lililonse. Mwina zaka zingathe belu lija osalira.

Koma Sibeso sadzakhalapo. Adzamva ndani?

Nkhope ya mtsikana wa khanda uja ikungobwera. Ndikudana naye, ngakhale dzina lake sindikulidziwa.

Lolemba, 7 Okutobala

Ndanena.

A Rogers anamvetsera bwino, munthu waulemu. Akuti ndachita chinthu choyenera, chitetezo ndiye choyamba pa kampani ino. Za kujomba sanatchule, ngati lamulolo linagwa lokha kumwamba. Wa kontirakiti ya nyengo alibe malipiro a matenda, anapepesa. Ndidzayesenso chaka chamawa khutu likachira. Kenako anafunsa ngati ndingabweze yunifomu lisanafike Lachisanu, yochapa. Pali mtsikana wina wa msinkhu wanga.

Malo anga sanapatse Sibeso. Anajombapo.

Ndinamupeza pamalo okwerera sitima. Anandigulira tiyi, anakhala kumanja kwanga osauzidwa. Anati, "Tizapeza vina." Ndinalira mpaka ku Croydon, anthu akuwerenga nyuzipepala zawo.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndayambanso zopukuta. Ofesi ya inshuwalansi ku London Bridge. Kumeneko makutu safunika.

Lero ndinayesa kwaya. A Bonaventure anapereka mawu oyambira, ndinawagwira, kenako anandithawa. Ndikumva theka la kwaya, theka lina kulibe. Sananene za mbuzi yosochera. Anangondipempha mofatsa kuti ndisamukire kumapeto kwa mzere, ndiziyimba motsitsa. Bola akanandiseka.

Pobwerera ndege inadutsa pamwamba, yotsika, ya mtundu wathu. Muli anthu opsa ndi dzuwa, okondwa, atalipira pang'ono. Afika bwino. Amafika bwino nthawi zonse. Mdala uja akanandifunsanso lero ndikanamuuza kuti asaope, ndege si yotchipa. Otchipa ndife.

Madzulo foni ya kwa amayi. Sindinawauze. Anafunsa funso lawo, ndinati sizigwa, amayi. Anati ayamika Mulungu, amandipempherera ndikakhala m'mwamba. Dzanja linatopa, ndinasinthira foni mbali inayo mwachizolowezi. Khadi ikutha, amayi akulankhulabe, ine ndikungoti halo, halo, amayi mulipo