Ana a Nyumba Imodzi

Lachitatu, 9 Febuluwale 1977, Hamilton

Kwacha koyera ndi chipale chofewa kuno kudziko la azungu. Chandidzutsa ndi chigalimoto chopala msewu, kenako kunangoti zii. Kusukulu palibe wandiyankhula kupatula aphunzitsi.

Nditaweruka ndinadzera kwa ababa ku yunivesite. Ndinawapeza atayala makhadi a kompyuta patebulo. Khadi lililonse ndi mwana wa kwathu ku Dedza amene anadwala chikuku: kaya anachira, kaya anamwalira, ndipo patapita nthawi yotani. Abwana awo awabwezera ntchito yonse. Akuti analakwa kuwerenga mwana aliyense payekha, poti ana a nyumba imodzi amamwa madzi amodzi ndi kugona pamphasa imodzi. Wina akadwala, mnzake amatsatira. Tsono awaunjike nyumba ndi nyumba.

"Vuto lake, Kondwani, azunguwa amayesa mwana aliyense amagona kwa makolo ake," anatero ababa. "Nanga woleredwa kwa malume wake ndimuike pamulu uti?"

Ine ndinati, "Ngati Dalitso?"

Dalitso, mng'ono wanga, tinamusiya kumudzi ku Dedza, kwa amalume. Ababa ndi amayi ankati tidzamutenga chaka chamawa, koma chaka chamawacho sichifika. Ndipo pa Khrisimasi tinamva kuti chikuku chalowa m'mudzimo. Iye amagona ndi ana a amalume, osati ndi ine.

Ababa anavula magalasi. "Thamanga, basi ikusiya."

Amayi abwera kuchokera kuntchito kuchipatala, mapazi atatupa. Ababa afika pambuyo pake. Sanavule jasi, anangolowa kuchipinda ndi amayi nkutseka chitseko. Dzina la Dalitso ndalimva, zina sindikumva bwino.