Injini ya Bambo Ndaiona Pansi pa Nyanja

Okondedwa achimwene a Saidi,

Salaam aleikum. Kuno ku Mangochi tili bwino, koma mayi miyendo ikuwavutabe. Kaya inu ku Joniko?

Sabata yatha abwana anga ananditenga kuhotela ina cha ku Monkey Bay, kumene alendo amangodya, kugona ndi kumira m'madzi kukaona nsomba. Anandibwereka magalasi osambirira. Nditamira pafupi ndi chilumba, achimwene, ndinaona injini ya boti la bambo itakanirira m'miyala, chingwe chanu chobiriwira chikadali pachogwirira!

Munkanena zoona kuti inagwera m'nyanja, koma ife tinakutchani wakuba mpaka munachoka pamudzi.

Bambo atamva sanadye masiku awiri. Akungofunsa ngati mungalandire moni wawo.

Chonde bwerani pa Idi, khadi lachipani ndakugulirani kale kuti asakuvutitseni panjira. Mulungu akusungeni, ndipo mutikhululukire.

Ndine mng'ono wanu,
Yusufu