Nsapato mu Boneti

Lachisanu, 6 Juni

Yabwera. Yoyera, yaitali, matayala ofika m'mawondo mwanga. Yamagetsi. Mapulasitiki akadali pamipando, sindinachotse. Fungo la chinthu chatsopano mpaka mutu kuwawa.

Zaka zisanu ndi chimodzi za makeke. Zala zopsa ndi uvuni, msana wopindika, akwati olira chifukwa duwa la shuga lapendekeka. Lero zonsezo zaima pakhomo panga ndi magudumu anayi.

Wogulitsa kundifotokozera ngati ndine mwana wa sukulu ya mkaka. Chingwe ichi chotchajira kunyumba, ichi cha kumsewu. Osadikira batire ithere m'njira. Palibe oyilo, palibe kusintha giya, palibe kilatchi. Pa kilatchi pomwepo ndinaseka ndekha, iye osadziwa chimene chandiseketsa.

Amuna anga, a Tionamawa, aizungulira katatu manja ali kumbuyo. Soketi yotchajira ya pakhoma analonjeza sabata yatha kuti aitana wamagetsi. Tiona mawa.

M'mawa ndikupita nayo kugalaja kumene amagwira ntchito bambo. Ndi lamulo la pabanja pathu, galimoto iliyonse yolowa m'banja imayamba yaonekera kwa iwo. Ya achimwene inapita, ya alamu inapita, ngakhale njinga yamoto ya msuweni. Amatsegula boneti, nsonga ya sikuludilaiva yaitali pa injini, chogwirira pakhutu, maso otsinzina. Akatha amagogoda boneti kawiri: "Ili bwino, pita." Kuntchito amawatcha a Khutu.

Sindinawauze kuti iyi ilibe injini yoti amvetsere. Dala.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. Ine nditangomaliza sekondale, ndikuphunzira kuyendetsa pabwalo la galajayo, kilatchi n'kuyamba kununkha. Iwo pamaso pa amuna onse aja: "Iwe tsika. Ngakhale wilibala ungaiphe." Anthu kuseka mpaka kugwira nthiti. Ndinabwerera kunyumba wapansi, misozi mpaka m'khosi. Sindinaiwale ngakhale liwu limodzi.

Loweruka, 7 Juni

Ndachita.

Ndinalowa pageti mwakachetechete, a Mano aja, makaniko wosekaseka uja, anangoona mthunzi kumbuyo kwawo n'kulumpha. Onse kusiya masipanala. Bambo kutuluka pansi pa lole, akupukuta manja, nkhope yonse kumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndakuonanso liti?

"Liza injini, mayi." Ine ndinati yayaka kale. Anapendeketsa mutu kumvetsera. Zii.

Anafunafuna potsegulira boneti, ine ndikuwayang'ana, osawathandiza. Nditakhutira ndinadina batani. Inatseguka. M'kati mwake kabeseni ka pulasitiki, chingwe chokulunga, ndi nsapato zanga zofiira zazitali. Kwa anthu ndinganene kuti ndinaziika m'menemo poti sindiyendetsa nditavala gogoda. M'kope muno ayi. Ndinaziika kuti azione.

Anaima, sikuludilaiva ili m'manja, nsonga ikusowa potera.

Ndiye pakamwa pangapa: "Mvetserani nsapatozo, bambo, mwina ina ikugogoda."

Galaja yonse phwete. A Mano kudzigwetsa pa mulu wa matayala. Mwini galaja kutuluka mu ofesi kudzafunsa, atamva nayenso kuseka mpaka kutsokomola. Woseka kwambiri ndinali ine.

Bambo anatseka boneti pang'onopang'ono, ndi manja awiri. Chala chawo chinasiya girisi pa penti yoyerayo. Anafuna ngodya yoyera ya chisanza chawo n'kupukuta mpaka mbee. "Ndi yokongola, mwana wanga." Basi. Osagogoda.

Potuluka ndinaponda kwambiri kuti aone. Chinthuchi sichiyamba ndi kulira ngati zinzake, chimangodumpha. Pokhota kuseri kwa mpanda tayala lakumbuyo, lakumanzere, linamenya simenti ya m'mphepete mwa msewu. Gu! Palibe anaona. Sindinatsike n'komwe.

Zaka zonsezi ndimati tsiku limeneli lidzatsekemera. M'kamwa muli ngati ndabwira ufa wosaphika.

Lamlungu, 8 Juni

Chingwe chadutsa pawindo la kukhitchini mpaka pasoketi ya ketulo. Galasi la kompyuta ya m'galimoto likuti idzadza pakapita maola 26. Ndayatsa uvuni, magetsi a nyumba yonse thima. Keke ya mawa yafwefwetera pakati ngati chipewa chokhalidwa. Mazira khumi ndi awiri apita kudzala.

Ndawasimbira a Tionamawa za dzulo, ndikuyerekeza ndi maimidwe a bambo, kuti aseke. Sanaseke. "Bambo ako omwe aja anatikonzera geti paja?" N'kubwerera pa foni yawo. Munthu wolephera kuitana wamagetsi, lero wasanduka woweruza.

Koma chisanza chija. Kufunafuna ngodya yoyera.

Lachitatu, 11 Juni

Keke ya nsanjika zitatu yafika kwa eni ake osagwedezeka ngakhale duwa limodzi. Pamenepo sindinama, galimotoyi imayenda ngati mafuta pa mbale. Pa malo omwetsera mafuta mzere mpaka kumsewu, ine kungodutsa. Ndimati ndiwaimikira dzanja. Sindinathe.

Vuto lake ndi chete. Galimoto yakale ya a Tionamawa imalira, munthu sumadzimva zoganiza. Umu uli wekha ndi mutu wako.

Mayi wina wobereka mwana anatsala pang'ono kulowa mumsewu, sanandimve. Ndaliza hutala, iye kunditukwana kuti ndikuyenda ngati mfiti. Masiku ena ndikanatsitsa galasi n'kumubwezera.

Ndipo kwayamba kaphokoso. Tswii, tswii, kumbuyo kumanzere, ndikamakhota. Ndakweza wailesi.

Madzulo foni ya amayi. Moni wawo wouma gwa. Akuti kuntchito dzina la a Khutu latha, tsopano ndi a Nsapato. Wina wakhomera nsapato yakutha pa msomali pamwamba pa tebulo lawo la zida. Masana sakudyanso ndi anzawo, amakadyera m'chigalimoto chakufa kuseri. Akuti mwini galaja wakhala akunena kuyambira chaka chatha kuti nthawi ya makutu inatha, akufuna anthu a kompyuta, ndipo tsopano akunena mokweza.

"Mpeniwo anali nawo kale, iwe wangowanolera." Anatero amayi, n'kudula.

Ndinafuna kuwaimbiranso ndiwakumbutse za wilibala. Kodi iwo anali kuti tsiku lija? Ndagwira foni mpaka yazima yokha.

Loweruka, 14 Juni

Kwa ogulitsa. Mipando yofewa, tiyi waulere, pansi powala ngati chipatala. Alumikiza kompyuta yawo, zonse zobiriwira. Batire ili bwino, mabuleki ali bwino, chilichonse chili bwino. Ayendetsa pabwalo lawo losalala, kaphokoso osamveka, kamangodikira ine.

Wogulitsa wa tayi uja: "Mayi, mwina ndi ndolo zanuzo zikulira." Anzake kuseka chamumtima. Yankho linali kale pa lilime, lakuthwa bwino. Ndinangoona nkhope ya bambo ataima ndi sikuludilaiva. Ndameza.

Za simenti ija sindinawauze. Manyazi. Galimoto ya tsiku limodzi.

Pobwerera kakulirakulira, ngakhale powongoka. Loweruka likudzali ndili ndi keke ya ukwati, mtunda wa makilomita 140, msewu wa zitunda. Tayala likakaguluka? Mkwati akudikira, ine ndili m'ngalande ndi shuga kumaso.

Pali munthu mmodzi amene angamve chimene chikulira. Ndikumudziwa. Sindilemba.

Lachiwiri, 17 Juni

Wamagetsi wabwera, ndamuitana ndekha. Soketi yakhomedwa, ketulo yapuma. A Tionamawa akuti anali pafupi kuimba.

Ndadutsa pagalaja kawiri, osaima. Galimoto yabwino kwa amantha, palibe amene amakumva ukudutsa.

Bambo ndawaonera pageti. Atawerama pa injini ya minibasi, ovololo yawo yakhwepa m'mapewa. Imvi zonsezi zabwera liti? Nsapato ija ili pa msomali pomwepo, yakuda, yong'ambika kutsogolo. Sanaichotse. Sangaichotse, ndikuwadziwa. Angalole iwolere pomwepo kusiyana n'kuonetsa kuti yawapweteka.

Kunyumba ndatulutsa nsapato zofiira zija mu boneti. Ndaziponya pansi pa bedi. Sindikufuna kuziona.

Ndayeserera pagalasi. Bambo, pepani. Mawu awiri okha, koma akutuluka ngati ndikulavula singano. Nanga iwo anapepesa? Zaka zisanu ndi zinayi, anapepesa?

Lachinayi, 19 Juni

Ndinapita kwa bambo. Pepani uja anatsalira pageti. Chimene chinatuluka n'chakuti galimoto ikulira kumbuyo, a kompyuta alephera.

Ndimayembekeza kuti andiuza ndikafunse nsapato. Ndikanakhala ine ndikanatero. Anangosamba m'manja, n'kuyala katoni pa mpando asanakhale, mpando woti uli kale ndi pulasitiki.

Wailesi azimitsa, magalasi atsitsa, maso atsinzina. Khota kumanzere. Bwereza. Ponda buleki pang'ono. Siya. Ine manja thukuta pachiwongolero ngati tsiku la kilatchi lija. Pa ngodya yachitatu anati kwa zaka makumi atatu akhala akusaka matenda m'kati mwa phokoso la injini, koma iyi ikulankhula poyera, n'kusamva kwa anthu chabe. Anamwetulira pang'ono, osati kwa ine, kwa galimoto.

Kenako osatsegula maso: "Unagunda chiyani?"

Ndinanena. Simenti, kuseri kwa mpanda wawo womwewo, tsiku lomwe lija. Analoza njira yobwerera.

Kugalaja anaikweza ndi jeke, tayala pansi. Kuseri kwa buleki kuli kachitsulo kopyapyala kotchinga fumbi, kanapindika n'kumakhula. Anakawongola ndi sikuludilaiva yomwe ija. Mphindi ziwiri. Anagwedeza zina zonse, anaunika ndi tochi, anamanga tayala.

A Mano anafika, mano onse panja, kufunsa kuti a Nsapato apeza chiyani. Apa ndiye panali mpata wa bambo wondibwezera. Anthu omwewo, bwalo lomwelo, ine nditaima poyera. Ndinadzikonza.

"Kamwala," anatero bambo. "Kanalowa kuseri kwa buleki. Zimachitika."

Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Pa mpopi akusamba ndinawafunsa ngati akukumbukira za wilibala. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china. Ndinafotokoza zonse, kilatchi, kuseka, ulendo wapansi. "Ndinatero ine? Pa anthu?" Madzi akungotayika. Sakukumbukira. Ine ndasenza mwala zaka zisanu ndi zinayi, mwini wake osadziwa n'komwe kuti anauponya.

Sanapepese. Inenso sindinapepese. Boneti sanagogode.

Kaphokoso katha. Chete uja wabwerera, woposa kale.

Lachisanu, 20 Juni

Ndinapitanso, nthawi ya nkhomaliro, onse atakhala pa matayala. Bambo kulibe, ali kuseri m'chigalimoto chawo chakufa.

Ndinakoka tayala mpaka patebulo la zida, ndinakwerapo ndi diresi langa, ndinazula nsapato ija pa msomali. Fumbi m'maso. Ndinatembenuka ili m'manja. Pakamwa pangapa pagwireko ntchito yabwino kamodzi.

Ndinati sikanali kamwala. Ndinagunda simenti ndekha pofuna kudzionetsa, galimoto isanakwane ndi tsiku limodzi. Kompyuta ya ogulitsa inati zonse zili bwino. Bambo anga anamva pa ngodya zitatu, maso ali otsinzina. Ndinayang'ana mwini galaja ponena zimenezo. Anayang'ana chakudya chake.

Kenako a Mano: "Paja a Khutu ananeneratu kalekale za wilibala!"

Amakumbukira, galu ameneyu. Onse phwete, ine ndili pa tayala, nsapato yonunkha m'manja, nkhope ikuyaka mpaka m'makutu. Kuseka komwe kuja, bwalo lomwe lija. Ndinaima mpaka anamaliza. Koma ndinamva bwinobwino. Anati a Khutu.

Bambo anali atabwera, ataima pakona ndi kabokosi kawo ka chakudya. Sindikudziwa anamva kuyambira pati. Sanaseke. "Tsika apo ungagwe. Ndipo chotsa galimoto yakoyo, yatseka njira."

Ndikubwerera chambuyo pang'onopang'ono, anadutsa kutsogolo kwanga ngati akupita kwina. Dzanja pa boneti. Go.

Kamodzi. Ndinaponda buleki, ndinadikira. Anapitirira, osacheuka, osanena mawu aja.

Nsapato yakudayo ili mu boneti, pambali pa chingwe. Batire yadzadza, keke ili m'bokosi, mawa ulendo.

Kamodzi. Ya achimwene anagogoda kawiri, ya alamu kawiri, ngakhale njinga ya msuweni. Ndiye wilibala anaiwala, koma nsapato ayi. Mtima wangawu ndimati ndinautola kuti?

Ngati kugogoda kwachiwiriko kudzatenga zaka zisanu ndi zinayi, chabwino. Kusunga chakukhosi ndimatha. Tione ngati ndingathenso kudikira.