Mane Pulanti M'thanki ya Nsomba

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo tsiku lonse mtima uli zii.

Nsomba yachitatu yafa m'mawa, yofiira ya mchira wautali ija. Zatsala ziwiri. Thanki yagalasiyi ndi chokhacho chimene ndinatuluka nacho kufakitale ya feteleza atatichotsa ntchito. Zaka zonse zija ndinkayeza naitireti mu labu, ndiye chimene chikuzipha ndikuchidziwa. Zonyansa zimene zimatulutsa zasanduka naitireti m'madzimo, ndipo kuno ku Esiteti mpopi ukutulutsa madzi mwa apo ndi apo, osakwana kusinthira thanki.

Masana ndinadula nthambi ziwiri za mane pulanti ya mkazi wanga, chomera choyanga chimene anthu amati chimakoka ndalama, n'kuviika mapesi m'thanki, masamba ali kunja. Mizu ikamera imayamwa naitiretiyo ngati feteleza.

Amake Chipo atabwera kuchokera kumsika anaona pamene ndadulapo, beseni lidakali pamutu.

"Batate ba Chipo, mwachita shani? Mane pulanti sibajuba. Mwajuba mwayi wa nyumba."

Ndinayamba kufotokoza kuti ndadula chifukwa cha mizu, koma anandidula mawu.

"Mwayi unasalako ni wamene uyu, imwe mwapasa nsomba."

Iwo ndi munthu wa mapemphero, zoti chomera chimabweretsa mwayi sakhulupirira. Amanena ine, amene ndakhala pakhomo chaka chathunthu ndi nzeru zimene palibe akuzifuna.

Mizu imatenga milungu iwiri kuti imere. Nsomba yaing'ono mwa ziwiri zatsalazo yayamba kale kupumira pamwamba pa madzi.